Ozimitsa moto aletsa kugona pamwamba pa shopu yanga, ndithandizeni nzeru

Nabanda: Abale anga a pagulu pano mwaswera bwanji. Ine zandigwera lero mutu sukugwira. Ambiri mukudziwa kuti ndili ndi kashopu kuno ku England komwe ndimagulitsa ufa, usipa, nyemba ndi zina za kwathu, kuseri kuli kakhitchini timakazinga chipisi ndi nkhuku Lachisanu ndi Loweruka. Mmawa uno kwabwera anthu awiri a ozimitsa moto, mayi ndi bambo, andionetsa ziphaso zawo nkuyamba kuzungulira paliponse. Afika kuseri apeza chitseko chotulukira chili ndi unyolo ndi loko, patsogolo pake matumba a ufa ndi zigubu za mafuta ophikira. Akwera pamwamba apeza matiresi ndi zovala za mwana wa achemwali anga yemwe wakhala akugona pamenepo chibwerere. Mayiyo anaima pa masitepe nthawi ndithu akuyang'ana pansi, kenako nkundifunsa kuti moto utabuka mukhitchini usiku mwanayu atulukira pati, poti masitepewo amatsikira mukhitchini momwemo. Ine ndinangoti kakasi. Pofika masana abweranso ndi pepala lolembedwa prohibition notice, akuti kuyambira lero munthu asagonenso pamwambapo, ndipo pepala lina la zoti ndikonze likubwera. Andifunsanso fire risk assessment ine sindimadziwa nkomwe kuti nchiyani. Nde funso langa ndi ili, nyumbayi si yanga ndimachita lendi, bwanji osakafunsa landilodi? Nanga andimanga kodi?

Nangozo: Ayi pepani sisi. Pumani kaye. Mwanayo agona kuti lero?

Nabanda: Ndi zomwe ndikuganiza, mwina agoneko masiku awiri atatu okha mpaka ndimupezere malo, samabwera usiku anthuwa eti?

Bambo a Tadala: Mayi chonde chonde musayerekeze. Ndayamba ndi pamenepa chifukwa ndi pomwe pali ndende. Pepala limenelo likalembedwa kuti liyamba kugwira ntchito pompopompo ndiye kuti layamba, ndipo kuliphwanya ndi mlandu pawokha ngakhale moto usabuke. Ndipo amabweranso, usiku womwe kapena mbandakucha, poti akudziwa kuti ogona amapezeka nthawi imeneyo. Mwanayo akagone pabalaza kwanu lero lomwe. Ine ndimagwira ntchito yosamalira nyumba za kampani ina kuno ndipo za moto ndi gawo langa, nde ndifotokoza zomwe ndikudziwa, koma sindine loya.

Lamulo lake ku England ndi Wales ndi Regulatory Reform (Fire Safety) Order 2005, linayamba kugwira ntchito pa 1 October 2006. Limakhudza pafupifupi malo aliwonse amene si nyumba yokhalamo banja lokha: shopu, saluni, ofesi, resitilanti, tchalitchi, holo, hotelo, care home (nyumba yosamaliramo okalamba), fakitale, ngakhale masitepe ndi makolido a ma flat. Kale ozimitsa moto ankabwera nkukupatsani fire certificate, izo zinatha ndi lamuloli. Pano udindo anautula pamutu pa munthu amene amamutcha responsible person. Ngati mwalemba anthu ntchito pamalopo ndinuyo. Ngati mulibe antchito koma ndinu amene mumayendetsa bizinesi pamenepo, makiyi ali mthumba mwanu, ndinuyo. Landilodi nayenso ali ndi gawo lake pa zomwe iye amalamulira, monga makoma, alamu ya nyumba yonse ndi zina malinga ndi zomwe munasainirana pa lease, pangano lanu la lendi lija, ndipo lamulo limati nonse muzigwirizana. Koma unyolo uja anamanga ndi landilodi? Mwana anamugoneka ndi landilodi? Apo ndiye sangamufunse iyeyo.

Nabanda: Unyolowo ndinaika nditaberedwa kawiri achimwene, analowera kuseri komweko. Sikuti ndinkafuna kupha munthu ayi

Bambo a Tadala: Palibe akukuganizirani zimenezo mayi, tonse tikukumvetsani. Ife tinakula tikuopa wakuba kuposa moto, kwathu nyumba ikatha kumanga choyamba ndi ma burglar bar pawindo lililonse ndi loko ziwiri pakhomo. Koma kuno lamulo limati khomo lothawira lizitseguka msanga popanda kusaka kiyi nthawi yonse imene muli anthu mkati. Pali njira zotsekera zoti wakunja sangalowe koma wamkati amangokankha chitsulo chopingasa chija, push bar, kapena kupotokola kachitsulo ndi chala chitseko nkutseguka. Mbava ikanika, mwana atuluka.

Mfana wa pa Ndirande: Ine ndinene zoona zanga pano ngakhale ena zikuwawani. Anthu awa amalimbana ndi mashopu a anthu akuda ndi amwenye basi. Pali munthu wakuneneza sisi, mwina mnzanu wa shopu yoyandikana nayo. Akufuna ndalama awa, mawa muona bilu. Ma shopu akuluakulu a azungu amawapita?

Bambo a Tadala: Aise tsankho kuno liliko sindikana, ndakumana nalo. Koma pa nkhani iyi tiyeni tione zomwe zinachitikadi. New Look, shopu yaikulu ya zovala ija, sitolo yawo ya pa Oxford Street ku London inapsa mu 2007. Sipanafe munthu ngakhale mmodzi, koma mu 2009 khoti linawalipiritsa £400,000 chifukwa risk assessment yawo inali yosakwanira komanso antchito sanaphunzitsidwe za moto. Anachita apilo nkuluza. Chaka chomwecho Shell inalipiritsidwa £300,000 pa za likulu lawo la ku London. Amenewo si a usipa ayi. Za bilu, a Nabanda anenepo okha ngati alipitsidwa kalikonse lero. Pepala la notice silibwera ndi chindapusa, chindapusa chimachokera ku khoti nkhani ikafika kumeneko.

Nabanda: Ayi sanatchule za ndalama, zoona. Koma zoti wina wandineneza nanenso zandifikira mumtima, tsiku lonse ndakhala ndikuwerenga anthu mmutu

Nangozo: Sisi kaya wakunenezani kaya angobwera mwa nthawi zonse, musataye mphamvu pamenepo. Taganizani mukanalandira foni 3 koloko usiku kuti shopu ikuyaka mwana ali pamwamba, mukanawauza chiyani achemwali anu kumudzi? Ine thupi langa lachita tsembwe powerenga za masitepe otsikira mukhitchini.

Naphiri wa ku Joni: Ndimangowerenga nthawi zambiri koma apa ndilankhulepo. Ife kuno ku Johannesburg sitidzaiwala usiku wa pa 31 August 2023, nyumba ya Usindiso ku Marshalltown. Anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu obwera kudzasaka ngati ife tomwe. Mkati munali tizipinda togawa ndi matabwa ndi makatoni, ndipo ambiri anapezeka ataunjikana pa geti lomwe linali lokhoma, ena anachita kudumpha pawindo. Geti limenelonso anaikira akuba. Tinasonkha ndalama za maliro mmagulu ngati lino, mpaka lero ndikaona unyolo pakhomo la nyumba yogona anthu mtima umandithamanga. Inu kumeneko muli ndi anthu obwera kudzakuuzani moto usanabuke, ife anabwera utabuka kale. Chotsani unyolowo mayi.

Admin: Zikomo a Naphiri, mizimu ya abale athu iuse mumtendere. Tipitirize mwaulemu anthuni, a Nabanda abwera kudzapempha nzeru, sanabwere kudzaweruzidwa.

Nabanda: Ndamva. Mwana akagona kwathu, ndamuimbira kale atenge zovala zake. Nanga za kumangidwazo a Bambo a Tadala simunandiyankhe, ndiuzeni zoona musandinyengerere

Bambo a Tadala: Chabwino ndinena mosabisa. Mapepala awo alipo atatu. Alterations notice amapereka pamalo pomwe pali chiopsezo chachikulu kapena pangadzakhale choncho mukasintha zinthu, nde musanasinthe muziwadziwitsa kaye. Enforcement notice ndi lomwe likubweralo ndikuganiza, limalemba zomwe mwalakwitsa ndi nthawi yoti mukonze, nthawiyo siichepera masiku 28. Prohibition notice ndi lomwe muli naloli, limaletsa kugwiritsa ntchito malo onse kapena mbali ina, inu akuletsani pamwamba pokha nde shopu ikhoza kutsegulidwa, koma werengani bwino pepalalo mzere ndi mzere muone ngati khitchini sanaitchule. Muli ndi ufulu wochita apilo ku magistrates' court pasanathe masiku 21. Koma dziwani kuti apilo imaimitsa kaye mapepala awiri oyambawo, prohibition notice siyima pokhapokha khoti litalamula.

Tsopano mlandu. Lamuloli limati ndi mlandu ngati simunachite zomwe limafuna ndipo kulepherako kwaika anthu pa chiopsezo cha imfa kapena kuvulala kwambiri moto utabuka. Taonani mawuwo, chiopsezo chokha. Safunika kudikira moto kapena maliro. Zomwe apeza lero zikhoza kukwana kale kuti akutengereni ku khoti atafuna, sindikunamizani. Chilango chake chachikulu ndi chindapusa chopanda malire kapena ndende mpaka zaka 2, kapena zonse ziwiri, nkhani ikapita ku Crown Court, khoti la milandu ikuluikulu. Ndipo kukhala ndi limited company sikubisa munthu, director amaimbidwa mlandu payekha ngati zinachitika iye akudziwa kapena chifukwa chonyalanyaza. Koma si aliyense wolandira notice amene amafika ku khoti, amayang'ana kukula kwa chiopsezo ndi momwe munthu wachitira atauzidwa. Nde konzani msanga, jambulani zithunzi chilichonse mwakonza, sungani malisiti, aimbireni muwauze. Akakulemberani kalata yokuitanani ku interview under caution, kufunsidwa mafunso komwe mayankho anu akhoza kukakhala umboni ku khoti, musapite nokha, pezani loya kaye, pamenepo ndiye kuti nkhani yakula.

Nabanda: Mayo ine. Chabwino bola ndadziwa

Mjomba wa ku Glasgow: Ndiwonjezere pang'ono poti pagulu pano tilipo ambiri a ku Scotland, wina angatenge dzina la lamulolo nkukalisaka kuno osalipeza. Kuno lathu ndi Fire (Scotland) Act 2005 gawo lachitatu, pamodzi ndi Fire Safety (Scotland) Regulations 2006, ndipo munthu wa udindoyo timamutcha duty holder. Apilo imapita kwa sheriff, woweruza milandu wa kuno. Northern Ireland nakonso ali ndi lawo. Koma mtima wake ndi umodzimodzi, mwini bizinesi aunike yekha chiopsezo achitepo kanthu.

Nkhani yomwe imandikhudza ine ndi ya Cameron House, hotelo yapamwamba ya mmbali mwa Loch Lomond. December 2017 wantchito wa usiku anawola phulusa pa malo owothera moto, kuliika mu pulasitiki nkukaliika mu kabati momwe munali nkhuni zoyatsira ndi manyuzipepala. Phulusa lija linali lisanazime. Alendo awiri anafa. Mu 2021 hoteloyo inalipiritsidwa £500,000, ndipo ozimitsa moto anali atawachenjeza kale za kusunga zinthu zoyaka mu kabati imeneyo. Koma chomwe anthu ambiri sadziwa, wantchito uja nayenso anaimbidwa mlandu payekha, anamulamula kugwira ntchito yosalipidwa maola 300. Ife ambiri kuno ndi antchito, ma cleaner, ma porter, ma carer. Tisamaganize kuti za moto ndi za abwana okha. Ndipo tonse tinakulira pa mbaula tikudziwa kuti phulusa limasunga moto mpaka mmawa, koma munthu ukatopa pa shifiti ya usiku umangofuna zichoke pamaso.

Nangozo: Mjomba mwandikhudza penipeni, ndipo mwina ndiyambe ndine kufunsa tsopano. Ine ndimagwira usiku mu care home ina, dzina sinditchula. Zitseko za zipinda za agogo aja ndi zolemera zija zodzitsekera zokha, nde agogo ambiri safuna kutsekeredwa amalira, ena amaopa mdima, nde usiku timazichirikiza ndi kathabwa kapena mpando kuti zikhale zotsegula, komanso tikhala awiri okha pa kolido ya anthu ambiri nde zimatithandiza kumva wina akagwa. Aliyense amadziwa, bwana amadziwa, tsiku lomwe kukubwera oyendera timauzidwa kuti tichotse timatabwa tonse tibise mu ofesi. Ine zimandivuta mumtima koma visa yanga ili mmanja mwa anthu omwewa, ndikalankhula mawa ndiona ma shifiti atha. Nditani?

Mjomba wa ku Glasgow: Achemwali, sakani nkhani ya Rosepark care home ku Uddingston kufupi ndi kuno. January 2004, moto unayambira mu kabati chifukwa cha vuto la magetsi, okalamba 14 anafa. Moto wake sunali waukulu kwenikweni, chinapha anthu ndi utsi womwe unalowa mzipinda zomwe zitseko zake zinali zotsegula, komanso antchito anachedwa kuimbira ozimitsa moto akusakasaka kaye komwe alamu ikulirira. Kathabwa kameneko nkomwe kamasiyanitsa.

Bambo a Tadala: Zoona. Zitseko zimenezo zambiri ndi FD30, kutanthauza kuti zinapangidwa kuti zitchinge moto kwa mphindi 30 zikakhala zotseka, ndipo mmbali mwake muli kamzere kamene kamafufuma kakatenthedwa nkutseka mipata. Mu care home simungatulutse agogo onse panja mu mphindi zitatu, dongosolo lake ndi lowasuntha kuchoka mbali yomwe kuli moto kupita mbali ina kuseri kwa zitseko zimenezi, nde chitseko chikakhala chochirikiza dongosolo lonse lagwa. Chomvetsa chisoni nchakuti vuto la agogo olirawo lili ndi yankho lovomerezeka. Pali tizipangizo togwira chitseko kuti chikhale chotsegula koma alamu ikangolira timachisiya chitsekeke chokha, tina ta maginito tolumikiza ku alamu, tina timamva kulira kwa alamuyo. Abwana anu akungothawa kugula. Ndipo kubisa timatabwa oyendera akamabwera ndi umboni woti akudziwa kuti nkulakwa. Inunso lamulo limakupatsani udindo ngati wantchito, wosamala anthu komanso wodziwitsa abwana mukaona choopsa. Nde lembani imelo yaulemu, musamayambe ndi kuloza chala, ingonenani kuti zitseko zikuchirikizidwa usiku mukupempha tizipangizo timeneti, musunge kope lanu. Akapanda kuchitapo kanthu mukhoza kudziwitsa ozimitsa moto a dera lanu kapena CQC, bungwe loyendera ma care home, ngati muli ku England, ndipo mukhoza kupempha kuti dzina lanu lisatchulidwe. Mantha a visa ndikuwamva, si nkhani yaing'ono, ngati muli mu union yambani mwalankhula nawo.

Mfana wa pa Ndirande: Apa pokha ndagwirizana nanu. Koma sisi samalani, mabwana enawa akangodziwa kuti ndinu mwayamba amakusakirani chifukwa. Chilichonse chizikhala cholemba

Nangozo: Zikomo nonse. Ndilemba imeloyo ndikaweruka, mwina ndiyambe ndakambirana ndi mnzanga wa shifiti tilembe awiri

Akulu a Mpingo: Moni nonse mwa Ambuye. Ndawerenga zonse ndipo ndayamba kuda nkhawa ndi za ife. Mpingo wathu timachita lendi holo Lamulungu lililonse, pa Sande wamba timakhala mwina 70 koma pakakhala paper Sunday kapena chinkhoswe timapitirira 150, amayi amabwera ndi mapoto a nsima ndi tizitofu ta gasi totenthetsera ndiwo. Makomo alipo awiri koma lakumbuyo timaunjikako mipando yotsala ndi masipika, komanso timalikhoma chifukwa ana amathawira panja kumsewu. Kodi ife lamuloli likutikhudza? Si bizinesi iyi, ndi nyumba ya mapemphero, ndipo eni holo ndi ena.

Bambo a Tadala: Likukukhudzani abambo, matchalitchi ali momwemo ndithu, silinasiye malo chifukwa choti sapanga phindu. Eni holo ali ndi udindo wawo pa nyumbayo, koma maola amene holo ili mmanja mwanu inu ndi amene mukulamulira zochitika mkatimo, nde khomo mwakhoma inu mlandu ndi wanu. Funsani eni holo akuonetseni fire risk assessment yawo ndi chiwerengero cha anthu ololedwa kulowa, kawirikawiri chimalembedwa pa pepala la lendi lomwe munasaina. Malangizo a boma amati chipinda chokhala ndi khomo limodzi lokha chisapitirire anthu 60. Inu mukakhoma lakumbuyo mwatsala ndi limodzi, anthu 150. Ndipo powerenga makomo amachotsapo lalikulu kwambiri poganiza kuti mwina moto udzatchinga limenelo, otsalawo ndi amene ayenera kukwanira anthu onse. Khomo lotambalala 750mm amaliwerengera anthu pafupifupi 100 pamalo a chiopsezo chapakatikati. Nde tengani tepi mukayeze lakumbuyolo. Za ana, ikani munthu wamkulu akhale pampando pafupi ndi khomolo mapemphero onse, ma usher muli nawo ambiri. Za gasi funsani eni holo, ambiri salola nkomwe. Ndipo muganizirenso agogo oyenda ndi ndodo ndi a pa wheelchair, ndani adzawatulutse, zidziwike lero osati tsiku la utsi.

Akulu a Mpingo: Aaa 60 basi? Ndiye takhala tikuyenda pa ulusi zaka zonsezi. Ndikazitula ku komiti Lachitatu. Ena akanena kuti Mulungu amatiteteza, ndikudziwa kale amene akanene

Naphiri wa ku Joni: Mukawauze kuti a ku Usindiso aja ambiri analinso anthu opemphera abambo

Gogo wa ku Leeds: Ine ndabwera kuno kalekale ana anga. Ndinali kuno pomwe bwalo la mpira la Bradford City linapsa mu May 1985, anthu 56, tinaonera pa TV moto ukudya mbali yonse ya bwalo mu mphindi zochepa, ndipo ambiri anafera kumbuyo komwe makomo anali otseka. Malamulo a kuno ambiri anabwera maliro atachitika. Nyumba ya ma flat ya Grenfell ku London inapsa mu 2017 anthu 72 anafa, pambuyo pake malamulo anawonjezedwanso. Nde mukamaona akuvuta musamati ndi nkhanza. Kwathu misika imapsa chaka ndi chaka, laibulale ya Mzuni inapsa mu December 2015 mabuku onse phulusa, timangoti ngozi nkuyambanso kumanga chimodzimodzi. Mwana wanga Nabanda usachite manyazi, ambiri pagulu pano ali ndi unyolo kuseri angokhala chete.

Nabanda: Zikomo agogo mwandilimbitsa mtima. Nanga risk assessment imeneyi ndipanga bwanji, ndi fomu yogula? Wina wandilembera ku inbox kuti amapanga pa foni osabwera nkomwe, ndingomutumizira zithunzi ndi ndalama pang'ono

Bambo a Tadala: Ameneyo muthaweni. Munthu angaunike bwanji nyumba asanaiponde? Mu 2011 ku Nottingham Crown Court mwini mahotelo ena a ku Mansfield ndi munthu amene anamulembera assessment yosakwanira onse awiri analamulidwa kukhala kundende miyezi 8. Ndipo ngakhale mulembe munthu ntchito, udindo umatsalabe pa inu. Si fomu yogula ayi, ndi kuyenda mu shopu yanu ndi maso atsopano nkulemba. Chingayambitse moto nchiyani ndipo chingayake nchiyani, kwa inu ndi mafuta okazingira, gasi, mafiriji mwalumikiza pa extension imodzi, makatoni. Ali pa chiopsezo ndani, makasitomala, wantchito, oyandikana nawo. Muchotsa kapena kuchepetsa bwanji. Kenako mulembe, mukonze dongosolo lothawira, muphunzitse antchito, ndipo muziibwereza zinthu zikasintha. Kale amene anali ndi antchito osakwana 5 sankakakamizidwa kulemba, nchifukwa chake eni mashopu ang'ono ambiri sanamvepo. Koma kuyambira pa 1 October 2023 aliyense ayenera kulemba yonse, kaya wantchito ndi mmodzi kaya palibe. Kashopu wamba mukhoza kupanga nokha, pa gov.uk pali malangizo aulere a malo ang'onoang'ono. Koma inu poti muli ndi khitchini yokazingira, notice ili kale mmanja ndipo mwina mtsogolo mudzafuna pamwambapo pazigona munthu, pezani katswiri wolembetsedwa, fufuzani pa kaundula wa Institution of Fire Engineers kapena kampani yolembetsedwa ku BAFE, bungwe lovomereza makampani a za moto. Ozimitsa moto sakupangirani, iwo amapereka malangizo ndi kuyendera basi.

Mai a Saluni: Ndifunseko nane, chozimitsira moto changa chili ndi zaka mwina zisanu chiikireni, sichinagwirepo ntchito nde chikadali chatsopano eti?

Bambo a Tadala: Ayi mayi, chimafunika katswiri azichiona chaka chilichonse nkulemba deti pa kapepala kali pambali pake, oyendera amayang'ana pomwepo. Alamu muziiyesa sabata iliyonse, magetsi aja oyaka okha magetsi akazima mwezi uliwonse, zonse muzilemba mu kabuku. Komanso si chilichonse chofiira chimazimitsa moto uliwonse, onani mtundu wa chizindikiro chake. Chofiira chokhachokha ndi madzi, chakirimu ndi thovu, chakuda ndi CO2 cha zamagetsi, chabuluu ndi paudala wozimitsira moto, chachikasu ndi wet chemical cha mafuta ophikira. A Nabanda inu mukufunika chachikasucho ndi bulangeti la moto mukhitchini. Madzi pa mafuta oyaka musadzayese, moto umalumpha mpaka kudenga. Ndipo chumuni chokokera utsi chija mkati mwake mumamatirira mafuta, moto wambiri wa mma takeaway umayendera mmenemo kukwera pamwamba, chimafunika kutsukidwa ndi akatswiri akupatseni pepala. A inshuwalansi amalifunsa pepalalo shopu ikapsa.

Nabanda: Chumuni chimenecho chilowereni ine sichinatsukidwepo. Ndipo chimadutsa pakhoma la chipinda chomwe mwana amagona

Nangozo: Yesu wanga

Nabanda: Abale ndabweranso patha masiku anayi ndikuuzeni pomwe tafika. Mwana akugona pabalaza kwathu chiyambire tsiku lija. Unyolo tinadula usiku womwewo, ufa ndi mafuta tasamutsira mbali ina, dzulo kalipentala waika push bar ndipo ndayesa ndekha kangapo, kungokankha ndi chiuno chitseko chatseguka ngakhale manja atanyamula katundu. Pepala lachiwiri lafika, ndi enforcement notice monga munanenera achimwene, muli za alamu, magetsi a mwadzidzidzi, chitseko cha pakati pa khitchini ndi masitepe ndi kuphunzitsa mtsikana amene amandithandiza. Ndinawaimbira mayi a ozimitsa moto aja ndikunjenjemera koma anandilankhula bwino, akuti ndiwatumizire zithunzi ndipo adzabweranso kudzaona. Za khoti sananene kuti inde kapena ayi. Landilodi poyamba amakana kuti si zake koma nditamuonetsa lease wavomera za alamu ndi chitseko. Kukazinga ndaimitsa kaye mpaka chumuni chitsukidwe, makasitomala a Loweruka andikhululukire.

Akulu a Mpingo: Ife tinayeza, lakumbuyo ndi laling'ono ndithu ndipo pepala la lendi linalembedwa anthu 100, palibe anali ataliwerenga. Mipando tachotsa, loko tachotsa, taika ma usher awiri. Chinkhoswe cha mwezi wa mawa tikusaka holo ina, eni ake sanakondwe koma komiti yagamula.

Nangozo: Ife imelo tinatumiza anthu atatu. Sanayankhebe. Usiku wathawu ndinawerenga zitseko zochirikiza pa kolido yanga zinali 9, ndinatseka zonse kupatula cha agogo amodzi amene analira kwambiri, ndinakokera mpando pakhomo pawo nkukhala pomwepo mpaka anagona kenako ndinatseka. Ndidikira mpaka Lolemba, akapanda kuyankha a Bambo a Tadala ndikufunani ku inbox mundithandize kalembedwe kopita kwa ozimitsa moto.

Bambo a Tadala: Ndilipo achemwali, Lolemba ndikuweruka 4 koloko. A Nabanda, otsuka chumuni akabwera muwauze atsegule mpaka pamwamba pomwe chimatulukira, asangopukuta pakamwa pokha, ndipo akupatseni zithunzi za mkati asanatsuke ndi atatsuka muike mu faelo limodzi ndi malisiti aja.